Sukulu ya Abusa ya ku Chelston: Mmene Inayambira ndi Kukula

M'busa akafika pamudzi pathu panjinga, Baibulo lili m'chikwama, timamupatsa mpando ndi kumvetsera ulaliki. Koma ndi angati mwa ife amene tinafunsapo kuti munthuyu anaphunzira kuti? Lero tiyeni tione mbiri ya sukulu imodzi yophunzitsa abusa m'dziko lathu lino, seminale ya mpingo wa Lutheran imene ili ku Chelston, mu Lusaka.

M'chaka cha 1949, abusa awiri a sinodi ya Wisconsin ku America, a Edgar Hoenecke ndi a Arthur Wacker, anayendera mayiko a kuno kummwera kwa Africa kufunafuna malo oyambitsirapo ntchito ya uthenga wabwino. Anasankha dziko lino, limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Amishonale oyamba anafika mu 1953. Anayamba mapemphero ku Matero, kenaka anamanga mishoni ku Mwembezhi, pakati pa Asala, kumadzulo kwa Lusaka. Pofika 1963 ntchito inali itawolokera ku Malawi.

Mipingo itachuluka, vuto linaoneka poyera. Amishonale anali ochepa, midzi inali yotalikirana, zilankhulo zinali zambiri. Mlendo sangafike pamaliro alionse, ndipo tsiku lina amabwerera kwawo. Mpingo wopanda abusa akeake ukanatha msanga ngati moto wa mapesi.

N'chifukwa chake mu 1964, chaka chomwe Zambia inalandira ufulu, anatsegula Lutheran Bible Institute ku Chelston, motsogozedwa ndi abusa Ernst H. Wendland. Poyamba sukuluyi inkakonza alaliki othandiza m'mipingo. Mu 1969 anawonjezera seminale, kuti amene achita bwino apitirize mpaka kudzozedwa ubusa. Mmodzi mwa ophunzira oyambawo, abusa Salimo Hachibamba, anadzakhala mkulu wa seminale yomweyo. Wophunzira wadzulo anasanduka mphunzitsi wa abusa.

Mu 1981 sukulu ina ya Baibulo inatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo patapita nthawi mipingo ya m'mayiko awiriwa inagawana ntchito. Wofuna ubusa, kaya ndi wa ku Zambia kaya wa ku Malawi, amayambira ku Lilongwe zaka zitatu, n'kubwera ku Lusaka zaka zina zitatu, kenaka amakatumikira pansi pa m'busa wamkulu asanadzozedwe. Amaphunzira Chigiriki ndi Chihebri, zilankhulo zimene Baibulo linalembedwamo, komanso chiphunzitso, mbiri ya mpingo, kalalikidwe ndi kasamalidwe ka nkhosa. Okwatira amapita ndi mabanja awo, ndipo amayi nawonso amalandira maphunziro awo.

Wina angafunse kuti, zaka zonsezi n'zachiyani? Kodi Mzimu Woyera sakwanira? Amakwanira ndithu, koma amagwira ntchito kudzera m'Mawu, ndipo Mawuwo ayenera kuphunzitsidwa molondola. Martin Luther atayendera mipingo ya kumidzi ku Saxony, anapeza anthu osadziwa Malamulo Khumi ngakhale Pemphero la Ambuye, ndipo abusa ena anali osatha kuphunzitsa. Zimenezi zinamuwawa mtima, moti mu 1529 analemba Katekisimu Wamng'ono. Mtumwi Paulo nayenso, pa 2 Timoteo 2:2, analangiza Timoteo kuti zimene anaphunzira azisiye m'manja mwa anthu odalirika amene adzaphunzitsenso anzawo.

Tsono mbiri imeneyi ikutikhudza ife a kumudzi. Masiku ano alaliki odzituma achuluka, ena akugulitsa madzi ndi mafuta kwa odwala ndi amasiye. Nkhosa zopanda m'busa wodziwa Mawu n'zosavuta kuzisocheretsa. Ndipo abusa sagwa kuchokera kumwamba, amachokera m'nyumba zathu zomwezi. Mmera m'poyamba. Mnyamata amene akuwerenga Mawu Lamulungu m'tchalitchi chathu chaudzu, timulimbikitse. M'busa amene tili naye, amene mwina akuyendera mipingo ingapo yekha, tisamusiye ndi njala. Thumba la chimanga kapena nkhuku nazonso ndi chopereka.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuthokozani chifukwa cha onse amene anatiphunzitsa Mawu anu. Dalitsani aphunzitsi, ophunzira ndi mabanja awo, ndipo itanani antchito ena pakati pa ana athu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.