Mwana wa Ng'ombe wa Milo ndi Maondo a Asilikali

Kalekale, m'mudzi wa Croton ku Italy, munali katswiri wa maseŵera ogwetsana dzina lake Milo, amene anapambana kasanu ndi kamodzi pa mipikisano ya Olympia zaka zoposa 500 Khristu asanabadwe. Nthano ya Agiriki imati iye ankasenza mwana wa ng'ombe tsiku ndi tsiku kufikira mwanayo atasanduka nkhunzi. Kaya zinachitikadi kaya ayi, nthanoyi inasunga mfundo yoona: mnofu umakula pamene katundu wake akuwonjezeka pang'onopang'ono.

Komabe kwa zaka zambirimbiri, kunyamula zolemera kunali kwa anthu a zionetsero. Eugen Sandow, amene anabadwira ku Königsberg mu 1867, anatchuka poonetsa thupi lake, ndipo mu 1901 anakonza mpikisano waukulu wa matupi ku Royal Albert Hall mu London. Madokotala ambiri ankakayika, poganiza kuti zitsulo zimaumitsa thupi ndi kulemetsa mtima.

Zinthu zinasintha pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse. Chipatala cha asilikali cha Gardiner ku Chicago chinadzaza ndi anyamata ovulala maondo ndi miyendo, amene ankagona miyezi yambiri minofu yawo ikufota. Kumeneko kunali dokotala wachinyamata, Thomas DeLorme, yemwe anadwala kwambiri ali mwana koma analimbitsa thupi lake ponyamula zitsulo. Iyeyu anayamba kumangirira zitsulo kumapazi a odwala ndi kuwonjezera kulemera kwake mlungu ndi mlungu. Amene ankayembekezeka kulumala anayambanso kuyenda. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1945, ndipo mu 1948 iye ndi Arthur Watkins anakhazikitsa njira yodziŵika mpaka lero: kunyamula kakhumi, kupuma, ndi kubwereza katatu konse, kuyambira ndi theka la kulemera kumene munthu angakwanitse.

Kafukufuku wa pambuyo pake anaulula zambiri. Mu 1979, Moritani ndi deVries anaonetsa kuti m'milungu yoyambirira mphamvu zimakula chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kulamula mnofu. Kukula kwa mnofu weniweniwo kumadza pambuyo. Mu 2012, akatswiri a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anapeza kuti zitsulo zopepukirapo zimakulitsa mnofu mofanana ndi zolemera, malinga munthu abwereze mpaka atatoperatu, ngakhale kuti zolemera zimapatsa mphamvu zoposa.

Chodabwitsa koposa chinachitika ku Boston. Mu 1990, Maria Fiatarone analengeza za nkhalamba khumi za zaka 86 mpaka 96 zimene zinapatsidwa zitsulo kwa milungu 8. Mwa zisanu ndi zinayi zimene zinamaliza, mphamvu za miyendo zinakwera ndi 174 peresenti, ndipo kayendedwe kawo kanafulumira. Apa panaoneka poyera kuti kufooka kwa ukalamba sikuchokera ku zaka zokha, komanso ku kukhala chabe.

N'chifukwa chake mu 2020 bungwe la zaumoyo la World Health Organization linalangiza akuluakulu onse kulimbitsa minofu masiku aŵiri kapena kuposerapo pa mlungu. Kwa gogo amene akuvutika kudzuka pampando, nzeru ya Milo ikadali yomweyo: ayambe ndi katundu wochepa, awonjezere pang'onopang'ono, ndipo asaleke.