Tochi ya M'thumba: Mbiri ya Kuwala Konyamula M'manja

Tochi, chipangizo chounikira chimene chimasunga magetsi ake m'mimba mwake momwemo, ili m'gulu la zida zimene zinafala mwakachetechete kotero kuti anthu ambiri saiona ngati chinthu chokhala ndi mbiri, ngakhale kuti yangokhalapo zaka zopitirira pang'ono 120. Mbiri yake ndi ya kukokana kwa zinthu zitatu zimene kwa nthawi yaitali sizinkakhalira pamodzi, zomwe ndi mphamvu ya kuwala, kutalika kwa nthawi imene tochi ingayake moto usanathe, ndiponso kuchepa kwa thupi lake. Wopanga tochi akawonjezera chimodzi mwa zitatuzi ankachepetsa zinazo, ndipo n'chifukwa chake wapolisi, wokumba migodi, sing'anga wa m'chipatala ndi mayi wapanyumba aliyense ankakhala ndi mtundu wakewake. Ganizo lakuti munthu angasankhe tochi imodzi yogwira ntchito zonse, n'kumayenda nayo tsiku ndi tsiku, ndi la posachedwapa, ndipo linatheka pokhapokha batire ndi babu, zomwe ndi ziwalo ziwiri zazikulu za tochi, zitasinthiratu.

Tochi isanabwere, kuwala kulikonse kumene munthu akananyamula kunali lawi la moto, kaya pa muuni wa udzu, pa kandulo kapena pa nyali ya mafuta, ndipo lawi limazima ndi mphepo, limatentha nyumba, komanso limaphulitsa mpweya woyaka umene umaunjikana m'migodi ya malasha. Batire loyamba, limene Alessandro Volta wa ku Italy anapanga m'chaka cha 1800, silinathetse vutoli, ndipo ngakhale la Georges Leclanché wa ku France la mu 1866 linali botolo lokhala ndi madzi a mankhwala amene ankatayika likapendekeka. Zinthu zinasintha mu 1886 pamene Carl Gassner wa ku Germany anasandutsa madziwo phala lolimba n'kulitsekera m'kachitini ka zinki, kamene kanali chotengera komanso mbali imodzi ya batirelo. Limeneli ndilo linatchedwa batire louma, kutanthauza batire limene lingagonekedwe kapena kuzondotsedwa osatayika kanthu, ndipo mu 1896 kampani ya National Carbon ya mumzinda wa Cleveland ku America inayamba kugulitsa mabatire otere ambirimbiri pa dzina lakuti Columbia. Pa nthawiyo n'kuti babu wa magetsi, amene Thomas Edison ku America ndi Joseph Swan ku Britain anakonza cha m'ma 1879, atayamba kale kupangidwa m'timisinkhu tating'ono.

Amene anaphatikiza ziwirizi m'maonekedwe odziwika lero anali David Misell, Mngelezi wokhala ku New York, yemwe pa 10 January 1899 analandira chiphaso cha boma chomuzindikira ngati mwini luso la chipangizochi. Tochi yake inali mpukutu wa pepala lolimba, mmene munkalowa mabatire akuluakulu a mtundu wa D motsatizana, ndipo kumutu kwake kunali babu ndi kachitsulo konyezimira kolozetsa kuwala kutsogolo. Umwini wa lusoli unapita kwa kampani ya Conrad Hubert, mlendo wochokera ku Minsk mu ufumu wa Russia, yemwe anapereka matochi ena kwa apolisi a ku New York kuti awayese ndi kuwatchukitsa, ndipo kampani yake ndiyo inadzadziwika pambuyo pake ndi dzina la Eveready. Matochi oyambirirawa sankatha kuyaka mosalekeza, pakuti kawaya ka kaboni ka m'babu kankadya magetsi ambiri pamene kakuwala pang'ono, ndipo mabatire ankafooka msanga n'kufuna kupumitsidwa ngati ng'ombe zapangolo pa chitunda, motero mwini tochi ankangoithwanimitsa kwa kanthawi n'kuizimitsa. Vutoli linachepa cha m'ma 1910, William Coolidge wa ku kampani ya General Electric atapeza njira yosulira tangisiteni, chitsulo chopirira kutentha kwakukulu, kukhala kawaya kopyapyala kamene kankawala kwambiri ndi magetsi omwewo. Pa nyengo yomweyo kunabwera mabatire ang'onoang'ono a mtundu wa AA, amene anachititsa kuti tochi yolowa m'thumba la malaya itheke, ngakhale kuti kuwala kwake kunali kongokwanira kupezera bowo la loko.

M'zaka zotsatira, mtundu uliwonse wa ntchito unadzipangira tochi yake. M'migodi munalowa nyali yamagetsi yomangirira pachipewa, yokhala ndi batire lolemera lopachika palamba, imene boma la America linavomereza cha m'ma 1915 pofuna kuchotsa malawi pansi pa nthaka, ndipo nyali za mtundu umenewu ndi zimene Amalawi ambiri opita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku bungwe la Wenela anadzavala. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Britain litalamula mu 1939 kuti mizinda izikhala mumdima poopa ndege za adani, anthu ankaloledwa kuyenda ndi timatochi tokutidwa ndi pepala lopyapyala kumaso, tolozetsa pansi, ndipo mabatire ake anasowa m'masitolo. Ku Netherlands kampani ya Philips inapanga tochi yopanda batire, imene inkayaka munthu akamafinya chogwirira chimene chinkazunguza kainjini kopanga magetsi, zimene zikusonyeza kuti kuyambira kale funso lalikulu la mwini tochi silinali kuwala kokha, koma kumene moto wake udzachokera mawa.

Nkhondo itatha, kusintha kunayambira ku batire. Lewis Urry, katswiri wa ku Canada wogwira ntchito ku Eveready, anakonza batire la alikalaini, lotchedwa choncho chifukwa cha mtundu wa mankhwala oyendetsa magetsi m'kati mwake, ndipo litayamba kugulitsidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 linkakhalitsa kuposa la zinki ndi kaboni, makamaka pa zida zokoka magetsi ambiri. Kenaka kusintha kunafika pa thupi la tochi. Mu 1968 Donald Keller, wapolisi wa dera la Los Angeles, anayamba kupanga matochi a aluminiyamu wokhuthala otchedwa Kel-Lite, pakuti matochi a malata ndi a pulasitiki ankasweka pa ntchito ya apolisi, ndipo mu 1979 Anthony Maglica anatulutsa Maglite, tochi yolimba imene mutu wake unkapotokoledwa kuti kuwala kumwazike kapena kusonkhane pamalo amodzi. Mu 1984 anatulutsanso Mini Maglite ya mabatire awiri a AA, imene kwa zaka zambiri inali chitsanzo cha tochi yoyenda nayo paliponse. Komabe malire akale anali akadalipo, chifukwa babu wa kawaya amasandutsa gawo lalikulu la magetsi kukhala kutentha osati kuwala. Muyeso wa kuchuluka kwa kuwala konse kotuluka m'nyali umatchedwa lumeni, ndipo wa mphamvu ya magetsi imene chipangizo chikudya umatchedwa wati. Babu wa tochi ankapereka malumeni pafupifupi 10 okha pa wati imodzi, kotero kuti wofuna kuwala kwambiri ankayenera kusenza tochi yaitali ya mabatire a D anayi kapena kuposerapo, pamene wofuna yopepuka ankavomera kuwala kofiirira kumene kunkazirala mabatire akamatha.

Chimene chinaphwanya malirewa ndi LED, kachipangizo kakang'ono kamene kamatulutsa kuwala magetsi akamadutsa m'timiyala tapadera, popanda kawaya kotenthedwa. Nick Holonyak anapanga LED yofiira mu 1962, koma kwa zaka pafupifupi 30 inkagwira ntchito makamaka ngati kadiso kosonyeza kuti wailesi kapena makina ayaka, chifukwa panalibe njira yopezera kuwala koyera. Njirayo inatseguka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Japan, kumene Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano a ku yunivesite ya Nagoya, komanso Shuji Nakamura wa ku kampani ya Nichia, anapanga LED yabuluu yowala kwambiri, ntchito imene anailandirira mphotho ya Nobel mu 2014. LED yabuluu ikakutidwa ndi mankhwala amene amasandutsa gawo lina la kuwala kwake kukhala lachikasu, diso limaona kuwala koyera, ndipo LED zamakono zimapereka malumeni 100 kapena kuposerapo pa wati imodzi, sizisweka tochi ikagwa, komanso zimatha zaka zisanapse. Pafupifupi nthawi yomweyo, mu 1991, kampani ya Sony inayamba kugulitsa batire lotchaja la lithiyamu, limene limasunga magetsi ambiri m'thupi lopepuka. Mtundu wake wofala m'matochi umatchedwa 18650 potengera kukula kwake, komwe ndi mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali.

Chiwalo chachitatu, chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndi kabolodi ka magetsi kokhala pakati pa batire ndi LED, kamene kamalamulira kuchuluka kwa magetsi opita ku nyali. Kabolodi kameneka ndiko kanachititsa kuti tochi imodzi ikhale ndi misinkhu ingapo ya kuwala, kuyambira kochepetsetsa kowerengera kalata kwa masiku angapo osatchaja, kufikira kwamphamvu kounikira kutsidya kwa munda kwa mphindi zowerengeka. Apa ndi pamene kukokana kwa zinthu zitatu kuja kunachoka m'manja mwa wopanga n'kulowa m'manja mwa mwini tochi, amene tsopano amasankha yekha pa swichi ngati akufuna kuwala kwambiri kapena nthawi yaitali.

Kuchuluka kwa mitundu kunabweretsa chinyengo pa malonda, pakuti kampani iliyonse inkalemba manambala mmene ikufunira, ndipo pofuna kuthetsa zimenezi opanga matochi ku America anagwirizana mu 2009 pa ndondomeko ya miyeso yotchedwa FL1. Malinga ndi ndondomekoyi, nthawi yoyaka imawerengedwa mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mmene kunayambira, mtunda wa kuwala ndi malo amene tochi imaunikira mofanana ndi mwezi wathunthu, ndipo kupirira madzi kumalembedwa ndi zizindikiro monga IPX4, kutanthauza kuti tochi singawonongeke ndi madzi owazika, kapena IPX7, kutanthauza kuti ingamizidwe mita imodzi kwa mphindi 30. Miyesoyi imathandiza wogula kuyerekeza, koma imabisanso mfundo imodzi, yakuti tochi yaing'ono yolembedwa malumeni 1,000 imatentha msanga n'kudzichepetsera yokha kuwala pakapita mphindi zochepa, kotero kuti nambala yaikulu ya pabokosi si imene munthu amakhala nayo usiku wonse.

Mpikisano wina unachokera ku foni ya m'manja. Nokia 1100, imene inatuluka mu 2003 ili ndi katochi kumutu, inagulitsidwa mafoni oposa 200 miliyoni, ambiri mwa iwo m'mayiko a magetsi osadalirika, ndipo lero pafupifupi foni iliyonse imaunika. Foni siinathetse tochi chifukwa kuwala kwake kumangomwazika pafupi popanda cholozetsa, ndipo woigwiritsa ntchito nthawi yaitali amatha batire limene akufunanso kuimbira pa ngozi.

Ku Malawi, tochi ya malata ya mabatire akuluakulu inali kwa nthawi yaitali chida cha alonda, alenje ndi oyenda usiku, pamene m'nyumba munkayaka koloboyi, kanyali ka chitini ka palafini kokhala ndi chingwe cha nsanza. Kalembera wa mu 2008 anapeza kuti mabanja oposa 8 mwa 10 alionse ankaunikira ndi palafini, koma wa mu 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka ankaunikira ndi matochi ndi nyali za mabatire, palafini atangotsala m'nyumba zochepa kwambiri, pamene magetsi ankaunikira mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse. Kusinthaku kunachitika m'zaka zimene matochi a LED otchipa ochokera ku China anadzaza m'misika, pamodzi ndi mabatire monga a Tiger Head a ku Guangzhou, komanso pamene mafuta anasowa m'dziko muno cha m'ma 2011 ndi 2012. Motero chida chimene ku America ndi ku Ulaya chimasungidwa kaamba ka tsiku la ngozi, kuno chinasanduka nyali yeniyeni ya banja, yophikira, yowerengera ana asukulu ndi yoperekezera odwala kuchipatala, ndipo m'matauni kuzimazima kwa magetsi, monga kumene kunatsatira kuwonongeka kwa malo opangira magetsi a Kapichira ndi namondwe Ana mu 2022, kunachititsa kuti ngakhale nyumba za magetsi zisakhale opanda tochi.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti tochi imodzi yogwira ntchito zonse ilipo tsopano, koma si yofanana kwa anthu onse, chifukwa luso lathetsa vuto la kuwala ndi kukula koma silinathetse la gwero la moto. Wokhala kumene kuli magetsi kapena sola angadalire tochi yotchaja ya lithiyamu, pamene wokhala kutali ndi potchajira amathandizidwa bwino ndi tochi ya mabatire a AA, amene amapezeka pa okala iliyonse, ngakhale kuti mabatire otchipa a zinki ndi kaboni amatha msanga, amavunda n'kudya zitsulo za m'kati akasiyidwa nthawi yaitali, ndipo akatayidwa pamtetete amaipitsa nthaka. Kwa onse awiri, msinkhu wa kuwala kochepa umene umakhalitsa maola ambiri, swichi yosavuta kupeza mumdima ndi thupi losalowa madzi a mvula ndi zofunika kuposa malumeni ochuluka, pakuti ntchito zambiri za usiku zimachitikira pafupi ndi manja ndi mapazi a munthu.