Kalumo ka Mlendo: Mlandu wa Bwanamkubwa Colby

Adzukulu anga ndi nonse okonda chikhalidwe chathu, mwambi wathu wa lero ndi uwu: "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa." Makolo ankatanthauza kuti munthu wochokera kutali angathe kubweretsa nzeru imene eni mudzi analibe. Komabe makolo omwewo ankadziwa kuti lumo lometa ndi lomwelo limene limatema. Kuti mwambiwu umveke bwino, tiyeni tizenge mlandu wa mlendo wina amene ntchito zake zidakali m'minda yathu, kuyambira pa Mitundu mpaka pa Nathenje.

Mlendoyo ndi Sir Geoffrey Colby, Bwanamkubwa amene analamulira dziko la Nyasaland kuyambira mu 1948 mpaka mu 1956. Iyeyu anabwera kuchokera ku Nigeria kumene anagwira ntchito ya boma zaka zambiri, ndipo ankakhala ku Zomba, likulu la nthawi imeneyo. Akuluakulu amene anaona ulamuliro wake ndi maso sankagwirizana za iye. Ena ankati anali munthu wa chitukuko, ena ankati anali munthu wa chindapusa. Pa bwalo la mfumu mlandu saweruza atamva mbali imodzi, choncho timve mbali zonse ziwiri.

Omuyamikira ankayamba ndi njala ya mu 1949. Chaka chimenecho mvula inadula, makamaka m'Chigawo cha Kummwera, ndipo anthu a m'boma la Blantyre anavutika koopsa. Boma la Colby linaitanitsa chimanga kunja n'kutsegula malo ogawirako chakudya. Njala itatha, iye anatsimikiza mtima kuti ulimi wa dziko lino usinthe. M'zaka zake malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, kumadzulo kwa Lilongwe, anakula, ndipo pomwepo anamangapo sukulu ya alangizi imene inatchedwa dzina lake. Boma linagulanso malo ambiri kwa azungu a maesiteti a Kummwera n'kukhazikapo anthu amene ankavutika ndi thangata. Ndiponso munali mu 1949 momwemo pamene anthu akuda awiri oyamba analowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Pofika mu 1956 analipo asanu, ndipo mwa iwo munali Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Ralph Chinyama, mlimi wa fodya wa m'Chigawo chathu cha Pakati.

Omudandaula ankangotchula liwu limodzi lokha: malimidwe. Awa anali malamulo okakamiza mlimi aliyense kusiya matutu a makolo n'kuunga mizere yopingasa mtsetse, kukumba milambala yotchinga madzi, kusosa ndi kubzala pa nthawi yoikika, ndi kuzula mapesi a fodya akatha kukolola. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena mbewu zawo zinkazulidwa, ena ankalowa m'ndende. Mlangizi, amene anayenera kukhala bwenzi la mlimi, anasanduka wapolisi wa kumunda. Mfumu, imene mwambo umati ndi mthunzi wa anthu ake, inapatsidwa ntchito yoweruza mbumba yake chifukwa cha mzere wokhota.

Kuno ku Lilongwe kunalinso dandaulo la fodya. Chiyambire m'ma 1920 alimi a kuno ankalima fodya wa chikopa, ndipo bungwe la boma loona za fodya, limene linakhazikitsidwa mu 1926, ndilo linkalemba alimi m'kaundula ndi kuyendetsa misika. Mtengo umene mlimi ankalandira unali wotsika poyerekeza ndi umene fodya yemweyo ankagulidwa ku okushoni ya ku Limbe, ndipo zotsalazo zinkakhala m'thumba la bungwe ndi la boma. Motero zina mwa ntchito zimene Bwanamkubwa ankatamandidwa nazo zinalipiridwa ndi thukuta la wochisa fodya m'chigafa. Dongosolo la alimi achitsanzo, limene linayamba mu 1950, linakweza anthu owerengeka okha, ndipo anzawo m'mudzi ankawaona ngati okondedwa a boma.

Chachikulu pa mlanduwu ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953. Olemba mbiri anapeza kuti Colby analangiza akuluakulu ake ku London kuti Nyasaland asalowetsedwemo, chifukwa eni dziko sankafuna. Sanamumvere, ndipo iye, pokhala wantchito wa boma la Britain, anakhazikitsa chinthu chimene mumtima ankachikana. Chaka chomwecho Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo boma linaichotsa pa mpando. Inamwalira mu 1954. Ku Thyolo ndi madera ena a Kummwera kunabuka zipolowe zimene zinaphetsa anthu 11. Omuikira kumbuyo amati mlanduwu ngwa ku London. Koma akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wokhala pa mpando amayankha pa zonse zochitika m'dzina lake.

Nanga chigamulo n'chotani? Taonani m'minda ya kwa Chiseka ndi kwa Chadza lero: paliponse pali mizere, ndipo palibe mesenjala woima ndi chikoti. Pamene Dr Kamuzu Banda anakhala nduna yoona zachilengedwe mu 1961, zilango za malimidwe zinalekeka, koma mizere sinathe, ndipo alangizi anapitiriza kuiphunzitsa mokopa. Sukulu yaukachenjede ya Bunda, imene inatsegulidwa pafupi ndi Mitundu m'ma 1960, yaphunzitsa ana athu kusamala nthaka popanda kumanga munthu. Izi zikuonetsa kuti makolo athu sankadana ndi nzeru yoteteza nthaka. Chimene ankakana ndi kumetedwa mpala osanyowetsa, ndiponso osafunsidwa. Atsogoleri a Congress anachiona chilondacho, ndipo mkwiyo wa malimidwe ndiwo unathandiza kufikitsa ndale za ufulu ku midzi.

Ine ndikuti Colby anabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma anameta nako mwini mutu asanavomere. Pa mwambo wathu ngakhale mfumu yaikulu siyamba kulankhula pa bwalo. Imayamba yamva nduna ndi eni mbumba, kenako n'kumanga mfundo. Colby anali ndi akatswiri, ndalama ndi khama, koma bwalo lotero analibe.

Adzukulu anga, masiku ano atsogoleri mumasankha nokha, kuyambira khansala mpaka pulezidenti. Akamakuwerengerani milatho ndi zipatala, werengani nawo, pakuti ntchito yabwino siyenera kukanidwa. Koma funsaninso mafunso atatu amene mlandu wa Colby watisiyira: Kodi ndalama zake anatula ndani? Kodi anapindula ndi angati? Kodi eni ake anafunsidwa? Mtsogoleri woyankha bwino mafunso amenewa ndiye woyenera kum'bwereka mutu wanu kuti aumete.