Mmene Makomboni a Lusaka Anatsegulira Mafoni Okhomedwa

Amene anagulapo foni yakale mumsewu wa Katondo, pakati pa tauni ya Lusaka, m'zaka za m'ma 2000, amalikumbukira funso loyamba. Asanafunse mtengo, asanafunse ngati batire likusunga moto, wogula ankati: "Ingena SIM iliyonse?" Wogulitsa akavomera, za pakamwa zokha sizinkakwanira. Wogula ankavundukula foniyo, n'kuchotsa batire, n'kuikamo laini yake, kenako n'kuyang'anitsitsa pagalasi kudikira kuti timizere ta netiweki tituluke. Tikapanda kutuluka, malonda ankathera pomwepo.

Funsoli linabadwa chifukwa cha mbiri ya malo amene ogulawo ankachokera. Matero inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti ikhale malo a antchito akuda. George, Chawama, Kanyama ndi Kalingalinga zinakula ndi manja a anthu obwera kudzafuna ntchito, zambiri boma lisanazivomereze, ndipo lamulo la 1974 ndi limene linatsegula njira yoti makomboni otere azizindikiridwa. Mipopi ya madzi inayamba kufika pang'onopang'ono, koma waya wa telefoni wa bungwe la PTC ankalowera kumaofesi ndi kumayadi a Kabulonga ndi Woodlands. Wa ku komboni ya Mtendere akafuna kudziwitsa abale a ku Chipata za maliro, ankadalira kalata, telegalamu, uthenga wa pawailesi, kapena foni ya kuntchito ngati bwana wake anali wachifundo. Kwa mabanja ambiri a m'makomboni, foni ya m'manja inali foni yoyamba kulowa pakhomo.

Mu 1994 boma la Frederick Chiluba linagawa PTC pawiri, n'kukhala Zamtel ndi Zampost, ndipo makampani ena analoledwa kulowa pamsika. Chaka chotsatira Zamtel inayambitsa mafoni a m'manja a mtundu wakale wotchedwa AMPS. Mu 1997 kunabwera Telecel ndi mtundu wina, CDMA. Kumapeto kwa 1998 Zamcell, imene pambuyo pake inatchedwa Celtel, inabweretsa GSM. Makampani atatu, njira zitatu zosamvana. Foni ya Telecel sinkagwira pa Zamcell ngakhale utaichita chiyani, chifukwa nambala yake inali yolembedwa m'kati mwa makina, ndipo panalibe kakhadi kochotsa. Kusamuka kampani kunali kugulanso foni, pa nthawi imene foni inali chuma cha mabwana okhaokha.

GSM ndiyo inapambana, ndipo chinaipambanitsa ndi kakhadi ka SIM. Kakhadika kanalekanitsa nambala ndi makina: nambala ili m'kakhadi, foni ndi chigoba chabe. Telecel inasiya CDMA patapita zaka zochepa, ndipo Zamtel inatsatira mu 2003 ndi Cell Z. Kuyambira pamenepo panalibenso chifukwa chaukatswiri choletsa foni imodzi kulandira laini ya kampani iliyonse m'Zambia.

Koma makampani anaikapo loko.

Kampani ikagulitsa foni motsika mtengo, inkafuna kubweza ndalama zake kudzera mu toktaimu, choncho inkauza wopanga kuti aikhome. Kukhomako n'kosavuta kumvetsa. SIM iliyonse ili ndi nambala yobisika imene imayamba ndi chizindikiro cha dziko, chimene ku Zambia ndi 645, kenako cha kampani: 01 ya Celtel, imene lero ndi Airtel, 02 ya MTN, imene inagula Telecel mu 2005, ndi 03 ya Zamtel. Foni yokhomedwa ikayatsidwa imawerenga manambalawa, ndipo ikapeza achilendo imakana. Mafoni otchipa a ZTE ndi Huawei, okhala ndi chizindikiro cha kampani pachikuto, ankabwera otere. Chimodzimodzinso ambiri amene abale ankatumiza kuchokera ku Britain, okhomedwa ku Vodafone, Orange kapena O2. Mphatso inkafika ku Chawama, banja lonse n'kuizungulira, koma osatha kuimbira.

Apa m'pamene panabadwira ntchito yatsopano. M'timashopu ta ku Town Centre ndi City Market, ndiponso m'tuntemba ta m'misika ya Matero ndi Chawama, munadzaza anyamata okhala ndi kompyuta yakale, mtolo wa tizingwe ndi kabokosi kolumikizira foni. Ena ankangofuna nambala ya IMEI, ya manambala 15, imene imatuluka munthu akadina *#06#, ndipo pulogalamu inkawerengera chinsinsi chotsegulira. Ma Nokia 3310 ndi 1100 ankagonja msanga. Mafoni ouma mutu ankafunika kuwafufuta n'kuwalembanso pulogalamu yonse, ntchito imene anthu ankaitcha kuflasha. Inali ntchito ya luso ndiponso ya ngozi, pakuti kulakwitsa chinsinsi kangapo kunkakhomeratu foni, ndipo magetsi akathima kuflasha kuli pakati, foni inkasanduka mwala. Ambiri mwa anyamatawa sanapite ku koleji iliyonse. Anaphunzira poima kumbuyo kwa mnzawo. Ayenera kuwerengedwa m'gulu la amene anafalitsa foni m'Zambia, chifukwa foni iliyonse imene anaitsegula inkatha kugulitsidwanso kachiwiri ndi kachitatu pa mtengo umene mayi wogulitsa tomato akanaufikira.

Panali mafoni amene ngakhale katswiri ankawakweza manja. Ochokera ku America a Verizon kapena Sprint anali a CDMA, ambiri opanda polowetsa SIM. Ena anali a GSM koma omvera mafunde a 850 ndi 1900, pamene Zambia imagwiritsa ntchito 900 ndi 1800. Amenewo ankathera m'manja mwa ana ngati zidole.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa ndalama zochepa ankalimbikira chonchi kukhala ndi malaini angapo? Yankho lili m'thumba. Kuimbira nambala ya kampani ina kunkadula kuposa kuimbira ya kampani yako, chifukwa makampani amalipiritsana foni ikadutsa malire awo, ndipo zotsatsa za usiku ndi za Loweruka zinkakomera a m'banja limodzi. Anthu anaphunzira kuwerenga nambala ngati mtundu wa munthu: 097 ndi wa Celtel, 096 wa MTN, 095 wa Cell Z. SIM yachiwiri inkasungidwa kuseri kwa batire kapena m'kapepala m'chikwama cha ndalama. Wopanda toktaimu ankapeja, kuliza kamodzi n'kudula, kuti winayo aimbe. Akalipentala ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, amene amayala mabedi ndi mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, analemba manambala awiri kapena atatu pazikwangwani zawo kuti kasitomala asankhe yomutchipira. Ntchito yolumikiza makampani motchipa anaisenza ndi anthu wamba, ndi zala zawo.

Malire a dziko nawo ankavuta. Mu 2006 Celtel inayambitsa One Network ku Kenya, Tanzania ndi Uganda, yolola munthu kuwoloka malire osalipira mitengo ya mlendo, ndipo Malawi analowamo mu 2007. Zambia inatsalira, chifukwa foni iliyonse yotuluka m'dziko inkayenera kudutsa pachipata cha Zamtel mpaka 2010. Wamalonda wa ku Kanyama wopita ku Lilongwe kudzera pa Mwami ankafunika foni yotsegula kuti akaikemo laini ya ku Malawi akafika ku Mchinji.

Chimene chinafooketsa loko si lamulo ayi, koma katundu wa ku China. Kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 m'misika munadzaza mafoni a malaini awiri, ena atatu, aphokoso ngati wailesi. Tecno ndi itel, za kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, zinamanga malonda awo pa khalidwe lomwelija la kusunga SIM kuseri kwa batire. Nokia inachedwa, n'kudzatulutsa ake a malaini awiri cha mu 2011, msika utayamba kale kuterereka. Panthawiyi mayina anali atasintha: Celtel inakhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Boma nalo linalowererapo kudzera ku ZICTA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, ndipo pofika kumapeto kwa 2013 laini iliyonse inayenera kulembetsedwa ndi chitupa cha mwini wake. SIM yogula pamsewu ngati switi inatha.

Mpanda wa pakati pa makampani unasamukira ku ndalama. Airtel Money ndi MTN Mobile Money zitafala, timabufu tofiira ndi tachikasu tinandandalikana pa siteshoni iliyonse ya minibasi, ndipo kwa zaka zingapo ndalama za kofiira sizinkapita kwa chikasu. Munthu ankatapa apa, n'kuyenda mapazi asanu, n'kukaika apo, n'kulipira kawiri. Cha mu 2020 makina a National Financial Switch, oyang'aniridwa ndi Bank of Zambia, analumikiza zikwama za ndalama za makampaniwo. Pambuyo pake kunabwera kampani yachinayi, Zed Mobile, ndi manambala oyamba ndi 098.

Anyamata a m'tuntemba tija akadalipo ku Matero ndi ku George, ena tsopano ndi azibambo a imvi okhala ndi owaphunzira awo. Ntchito yawo yaikulu lero ndi kusintha magalasi osweka ndi pobayira chaja. Loko amakumana nayebe pa ma iPhone obwera kuchokera ku America, ndiponso pa mafoni a ngongole, amene amadzikhoma okha mwini wake akadumphitsa tsiku lolipira.