Ulendo wa ku Nyumba Yaikuru ya Mabuku, ndi Mbiri ya Khomo Lace

Aphunzitsi anzanga, cimene cinandinyamula pa Mulungushi kunka ku Lusaka pa chuthi capitaci ndico funso la mwana. Tinali kuphunzira za cigaza ca munthu wakale cimene cinafukulidwa m'mgodi wa Broken Hill, ndiye Kabwe wathu uno, m'caka ca 1921. Ndinawauza ana kuti anacipeza ndi Mzungu wa ku Switzerland, dzina lace Tom Zwiglaar, ali pamodzi ndi wanchito wacikuda, ndi kuti cigazaco cinatengedwa kunka ku London, kumene cikali kufikira lero. Pamenepo mtsikana wina wokhala kumbuyo anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga wacikudayo dzina lace ndani?" Ine kukamwa kunangoti gwa. Ndinamlonjeza kuti ndidzafunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Tsono ndinakwera basi mamawa, ndi kuyenda makilomita ngati 140 kufikira ku laibulale ya Yunivesite ya Zambia, m'mbali mwa mseu wonka ku Chipata. Iye amene anazolowera kabati ya mabuku ya pa sukulu yathu, imene mfungulo yace isungidwa ndi mphunzitsi wamkuru, ayamba wacita mantha polowa m'nyumba yotere. Mabuku ali m'mizere m'mizere, nsanja pamwamba pa nsanja inzace, ndipo anthu mazana akhala cete, osamveka kanthu koma mapepala potembenuzidwa. Ndinasonyezedwa cigawo cimene asungamo zolembedwa za dziko lathu lokha. Ndinakhala pansi, ndipo ndisanatsegule buku linandifikira funso langalanga: kodi agogo anga, amene anacoka ku Katete kudzagwira nchito pa mgodi wa Broken Hill, akadaloledwa kukhala pa mpando wotere?

Laibulale yoyamba yodziwika m'dziko muno inatsegulidwa ku Livingstone m'caka ca 1908. Inali ya msonkho: munthu analipira ndalama kuti akhale membala, nabwereka mabuku kunka nawo kwao. Zina zotere zinabuka pambuyo pace m'maboma ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji. Kunena zoona, nyumba zimenezo zinali za Azungu. Mabuku ace anali a Cingerezi, osankhidwa kuti asangalatse anthu okumbuka kwao kutsidya la nyanja, ndipo wacikuda wolowamo kawirikawiri anali iye wosesa.

Laibulale ya makolo athu inali bokosi la mphunzitsi wa mishoni. M'menemo munali Buku Lopatulika, limene linaturuka lathunthu m'Cinyanja m'caka ca 1922, buku la nyimbo, katekisma, ndi timabuku tophunzirira kuwerenga. Tisapeputse bokosi limenelo. Mwana anawerenga buku limodzi kufikira analidziwa pamtima, ndipo madzulo anawerengera akuru pa bwalo. Koma njala inakula msanga koposa cakudya. Munthu wodziwa kuwerenga, wosowa cowerenga, afanana ndi mwini khasu wopanda munda. Ndipo ambiri amene anasiya sukulu pa Standard 2 anabwerera ku umbuli, si cifukwa ca ulesi ai, koma cifukwa panalibe pepala lina lofika m'manja mwao.

M'zaka za 1930 zinthu zinayamba kugwedezeka. Mphunzitsi mnzathu wa ku Nkhoma m'Nyasaland, Samuel Yosiya Ntara, anaturutsa buku lace Nthondo m'caka ca 1933, nasonyeza kuti munthu wa kuno akhoza kulemba buku, si kuwerenga kokha. Boma la Northern Rhodesia linayamba nyuzipepala ya Mutende m'caka ca 1936, yolembedwa m'Cingerezi ndi m'zinenero za kuno. M'caka ca 1937 linakhazikitsa komiti yoyang'anira mabuku a anthu akuda, ndipo m'caka ca 1948 nchitoyo inakula nikhala bungwe losindikiza mabuku la maiko awiri, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Bungwe limeneli ndilo linadzayamba kutumiza mabokosi a mabuku ku masukulu, ku mishoni ndi ku maboma akutali, kuti anthu abwereke. Ine ndiyesa kuti m'mbiri yonseyi palibe nzeru yoposa imeneyi. Sanadikire kuti munthu wa ku mudzi apeze ndalama ya ulendo. Buku ndilo linayenda ulendowo.

Pa maziko a mabokosi amenewo panamangidwa bungwe la malaibulale a dziko lonse m'caka ca 1962, ndi thandizo la ndalama locokera ku Ford Foundation ya ku America. Ndilo limene pambuyo pa ufulu linachedwa Zambia Library Service, nilitsegula nyumba za mabuku ku Chipata, Kasama, Mansa, Mongu ndi kwina, pamene matauni a m'mbali mwa njanji, monga Kabwe, Ndola ndi Lusaka, anasiyidwa m'manja mwa makhonsolo ao. Ife a mishoni tikumbukenso laibulale ya ku Mindolo, ku Kitwe, yochedwa dzina la Dag Hammarskjöld, mlembi wamkuru wa United Nations amene anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola m'caka ca 1961.

Koma nyumba imene ndinakhalamo tsiku lija iri ndi mbiri yondikhudza mtima koposa. Pamene dziko linalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu a kuno amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha m'dziko lonse. Taganizani: kalasi ziwiri za pa sukulu yanu, ndiwo anayenera kuyendetsa maofesi, zipatala ndi makhoti. Cifukwa cace atsogoleri anafulumira kumanga yunivesite, napempha anthu wamba kuti asonkhe. Anasonkha a m'migodi, a pa njanji, aphunzitsi, ndi alimi a ku midzi amene ena a iwo anapereka zoweta ndi zokolola pokhala analibe ndalama. Ambiri a osonkhawo sanadziwe kulemba dzina lao. Yunivesite inatsegulidwa m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312, ndipo m'caka ca 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda anatsegula nyumba ya mabukuyo, nalengeza kuti ikhale laibulale yofufuziramo ya mtundu wonse, si ya ophunzira a pomwepo okha. Zaka 61 zinapita kuyambira pa khomo lija la ku Livingstone kufikira pa khomo ili.

Zotsatira zace muzidziwa. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za 1970, ndipo popeza mabuku ambiri anagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, malaibulale a dziko lonse anayamba kukalamba pamodzi ndi mabuku ao. Kuno kwathu mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Pakhala ena oyesa njira zatsopano, monga a Lubuto, mau a Cibemba otanthauza kuunika, amene anatsegula laibulale ya ana osowa ku Kamwala mu Lusaka m'caka ca 2007.

Ndinawerenga kufikira dzuwa linapendeka. Wina adzati, "Zonsezo ziri pa foni, unabvutikiranji?" Inde, zambiri ziripo, ndipo inenso ndiigwiritsa nchito. Koma foni ikupatsa cimene wafunsa, pamene shelefu ikuonetsa ndi cimene sunadziwe kufunsa. Ndinanka kukafuna dzina limodzi, ndipo pafupi ndi buku limene ndinafuna ndinapeza ena okamba za moyo wa m'komboni ya mgodi, za malipiro, za cakudya ca anchito, ndi za damu la Mulungushi limene linatsegulidwa m'caka ca 1925 kuti lipatse mgodiwo magetsi. Ndinabadwira pafupi ndi madzi amenewo, koma ndinawadziwa bwino ndiri pa mpando ku Lusaka. Ndiponso pali mphamvu yina m'kukhala pakati pa anthu owerenga. Kwathu ndikatsegula buku, pabwera wobwereka mcere, pabwera wodzaceza. M'menemo munthu acita manyazi kutseka buku lace msanga poona mnyamata wa pambali pace sanadzutse mutu maora atatu.

Pobwera m'basi ndinawerengera ndalama zimene ndinataya pa ulendowo, ndipo ndinaona kuti palibe kholo la mwana wa m'kalasi langa limene lingazipereke cifukwa ca kuwerenga. Khomo linatsegulidwa m'caka ca 1969, koma kwa mwana wa pa Mulungushi likali kutali makilomita 140. Cifukwa cace ndipempha kuti pa msonkhano wathu ukudzawu tikambirane za bokosi lija lakale. Masukulu asanu oyandikana atasonkha mabuku 40 sukulu iri yonse, ndi kusinthana mabokosi pakutha pa temu, mwana adzaona mabuku 200 asanatsirize zaka ziwiri. Pafunika kope lolembamo obwereka, loko, ndi mphunzitsi mmodzi wa njinga.

Tsiku lotsegulira sukulu mtsikana uja sanaiwale. Ndinamuuza kuti mabuku onse amene ndinatsegula anachula dzina la Mzunguyo, ndi la Arthur Smith Woodward amene anapima cigazaco ku London, koma za mnzaoyo analemba kuti "wanchito wacikuda" basi. Anakhala cete kanthawi, nati agogo ace a amai anagwira nchito pa mgodi, ndipo akali moyo ku Bwacha. Ndampatsa kope latsopano ndi pensulo, kuti Loweruka akawafunse maina a anthu onse amene anatsika nao pansi.