Moto panja, kutentha m'nyumba: nanga nkhuni zichokera kuti?

 Lero ndalemba zazitali, ndiye pezani pokhala.

Sabata yatha mwana wa alongo anga, uja ali ku Indiana m'dziko la America, ananditumizira kanema. Akuti, "Malume, Juni akubwerayu agogo asavutikenso ndi chisanu. Taonani momwe alimi a kuno amachitira, ndalama ndithandizako." M'kanemamo muli kanyumba kachitsulo kali pabwalo, patali ndi nyumba yogona. Amasonkhamo zipika, moto n'kutenthetsa madzi ozungulira ng'anjoyo. Kenako pampu yamagetsi imakankha madziwo m'mapaipi okwiriridwa pansi mpaka m'zipinda. Utsi ndi phulusa zimatsala panja.

Mitundu ikuluikulu ndi iwiri. Wakalewo umalandira chipika chilichonse, ngakhale chachiwisi, koma umadya nkhuni zambiri ndipo utsi wake umadanitsa anthu ndi anansi awo. Watsopanowo umawotchanso utsi kachiwiri m'kachipinda kapansi, motero umadya pang'ono, koma umafuna nkhuni zouma bwino ndipo ndi wodula. Mu 2015 boma la America linaika malire a utsi pa zipangizo zatsopano zamtunduwu. Mnyamatayo amafuna ndisankhepo umodzi. Ine ndinayamba ndakhala pansi n'kukumbukira kumene tachokera, pakuti nkhani yosamutsa moto siyachilendo kuno ku Dedza.

Ndili mwana tinkagona m'nyumba yozungulira, yofolera udzu. Moto unali pakati, pa mafuwa atatu. Madzulo agogo ankalowetsa chikuni chimodzi cha tsamba kapena mombo, ndipo chinkanyeka pang'onopang'ono mpaka tambala woyamba. Utsi unkatuluka wokha kudzera mu udzu. Chimanga cha mbewu chinkapachikidwa pamwamba pa motowo kuti anankafumbwe asachiyandikire. Koma tisanamizane kuti zonse zinali bwino. Maso ankafiira, chifuwa sichinkatha, miyendo inkachita mbala chifukwa chowotha moto, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi mwana wa chipsera amene anagubudukira pamoto ali m'tulo.

Azungu a nthawi ya atsamunda ankatulutsa moto panja. Kuseri kwa nyumba za boma, za mishoni ndi za m'maesiteti kunkakhala mgolo wa malita 200 wogoneka pa njerwa, pansi pake ng'anjo, pamwamba chumuni. Azunguwo ankautcha Rhodesian boiler, ndipo inu a ku Joni mumaudziwa ndi dzina loti donkey. Nzeru yake ndi yosavuta: madzi akatentha amapepuka n'kukwera okha m'paipi yopita kubafa, ozizira n'kulowa chapansi. Pampu siifunika. Chofunika ndi paipi yotseguka yoloza kumwamba, yotulutsa nthunzi, apo ayi mgolo ungaphulike. Koma taganizani: bwana ankangotsegula mpopi, pamene wodzuka m'bandakucha kukasonkha moto anali munthu wakuda, ndipo nkhuni zinkachokera m'nkhalango zathu zomwezi.

Bambo anga anakumana ndi nzeru yomweyi ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti a fodya ankachulukana. Balani ya fodya wa kampopi imagwira ntchito ngati kanyumba ka ku America kaja: ng'anjo ili kunja, kutentha kumayenda m'mipope mkati, utsi sukhudza tsamba. Kusiyana kwake n'koti m'mipopemo mumadutsa mpweya wotentha osati madzi. Balani imodzi imafuna moto usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu. Bambo ankatiuza kuti chaka choyamba nkhuni ankadula kuseri kwa balani, koma pamene ankabwerera kumudzi thirakitala inkachita kupita kutali kukazitenga.

Boma linaona vutoli. Mu 1976 Kamuzu anakhazikitsa tsiku lobzala mitengo m'mwezi wa Januwale, ndipo ife ana asukulu tinkanyamula mbande za bulugamu ndi malayina. Kenako nkhondo ya ku Mozambique inakula. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu othawa nkhondo anadzaza m'malire muno, ndipo pambuyo pake m'dziko lonse anapitirira miliyoni imodzi. Sindikuwanena ayi. Ambiri anali abale athu a ku Angonia, olankhula ngati ife, ndipo munthu wothawa mfuti ayenera kuphika ndi kumanga pogona. Koma mmene mtendere unkasainidwa ku Rome mu 1992, mapiri ambiri anali atayera. Ifenso tinapitiriza ndi mauvuni a njerwa ndi makala opita m'tauni. Lamulo la zankhalango la 1997 linabwera, mu 2020 analikhwimitsa, komabe misuku imene tinkatola masuku popita kubusa sinabwerere.

Nthawi yomweyo tinayamba kumanga nyumba za malata. Walira mvula walira matope: malata sadontha, koma usiku wa Julayi amazizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo utsi ulibe potulukira. Moto tinausamutsira kukhitchini, anthu n'kuyamba kulowetsa mbaula ya makala kuchipinda. Apa ndiye ndikupemphani, abale anga. Makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umapha munthu ali m'tulo. Chaka chatha ndinapeza amayi atatseka chitseko ndi zenera, mbaula ili pafupi ndi mphasa, iwo akudandaula mutu ndi chizungulire. Ndikanachedwa, bwenzi lero tikukamba zina.

Chitetezo mbaula, yadothi ija, inafala boma litalonjeza mu 2013 kuti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni. Kwathu tili nazo ziwiri. Zimayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo, ndipo dothi limasunga kutentha moto utazima. Koma ntchito yake ndi kuphika, si yogona nayo m'chipinda.

Tsono yankho langa kwa mwana wa alongo anga ndi ili. Mphwanga, zikomo chifukwa chokumbukira agogo ako. Koma chitsulo chakocho chinapangidwira dziko limene madzi amaundana kwa miyezi ingapo, kumene mlimi ali ndi nkhalango yakeyake, makina ochekera mitengo ndi magetsi osasowa oyendetsa pampu. Ife kuno kuzizira kwenikweni ndi Juni ndi Julayi, magetsi sanafike, ndipo mtolo wa nkhuni mlamu wako wamng'ono amausenza mtunda wa maola awiri. Kaya wakale kaya watsopano, ukhoza kutimalizira mitengo ya kudimba m'nyengo imodzi.

Ndalamazo tigawe patatu. Choyamba, siling'i m'chipinda cha agogo ndi kumata mipata ya m'mazenera, kuti kutentha kwa masana kusathawire kumalata. Chachiwiri, mgolo umodzi pa njerwa kuseri kwa bafa, wokhala ndi paipi yake yotulutsa nthunzi, woyatsa kamodzi madzulo ndi nthambi zosadza. Agogo asambe madzi ofunda, ena tithire m'mabotolo, tikulunge nsalu, tiike kumapazi. Chachitatu, mbande za keshya ndi mthethe zobzala m'malire a munda mvula ikadzayamba. Kuyambira pa mafuwa mpaka pa balani, chimene ndaona n'choti ng'anjo iliyonse imakoma chaka choyamba, nkhuni zikadali pafupi.

Inu a m'tauni amene mumadandaula kuti thumba la makala lakwera mtengo, Disembala akubwerayu mukabwera kudzadya Khirisimasi mudzapeza maenje nditakumba kale. Aliyense adzabzala yake khumi asanalandire mbatatesi yobwerera nayo. Ndipo ngati alipo wina pamudzi pano amene anamangapo mgolo wotere, andipeze kudimba Loweruka, tidzathandizane kuyeza njerwa.