Nsembe ya Chakudya Pakati pa Amwenye Achihindu

Nkhani yokambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja ku Salima

 Madzulo ano sitikamba za thonje kapena za anankafumbwe. Ndifuna tikambirane za mwambo wina wa anthu amene anakhala nafe pafupi zaka zambiri, tinkagula kwa iwo nsalu, mchere ndi makasu, koma za kupembedza kwawo tinkangomva za m'maluwa.

Akuluakulu a inu mukumbukira masitolo a Amwenye. Amwenye oyamba amene Boma linabwera nawo anali asilikali, ambiri a iwo Asikhi, amene anadza ndi Harry Johnston m'chaka cha 1891. Pambuyo pawo panadza amalonda ochokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo pamene njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935 malonda awo anakula m'dera lino. Kuyambira m'chaka cha 1970 Boma la Dr. Banda linawauza kuti achoke m'masitolo a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atasonkhana m'mizinda ikuluikulu. N'chifukwa chake akachisi a Ahindu muwapeza ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Lilongwe.

Ife tinkangoti Mmwenye ndi Mmwenye, koma sali amodzi. Ambiri mwa amene anadza kuno anali Asilamu, ndipo iwowo mwambo umene ndikambewu sauchita. Ndikunena za Ahindu, aja amene sadya ng'ombe.

Alipo ena mwa inu amene munagwirapo ntchito ya ukhukhi m'nyumba ya Mhindu. Mwina munadabwa poona kuti tsiku lina mayi wa m'nyumbamo akukuletsani kulawa ndiwo zili pamoto, kapena akukuchotsani m'khitchini n'kuphika yekha. Ena munaganiza kuti ndi umbombo, ena munati akunyansidwa nanu. Nkhani yake ndi iyi. Chakudya cha tsiku limenelo chinayenera kuyamba chapita kwa mulungu wawo, ndipo chakudya cholawidwa kale ndi munthu amachiyesa makombo. Kodi mfumu mungaipatse makombo? Tsono wophika amayamba wasamba, navala zoyera, naphika osalawa ngakhale mchere womwe. Ambiri, makamaka opembedza Krishna, saikamo nyama, nsomba, mazira, anyezi kapena adyo. Amaphika mpunga, nandolo kapena mphodza, mkaka, shuga, ndi mafuta ochokera ku mkaka amene amawatcha ghee. Zipatso monga nthochi ndi kokonati nazonso zimaperekedwa.

Chikapsa amapakula pang'ono m'mbale yosungidwira ntchito yomweyo, nachiika patsogolo pa chifanizo cha mulunguyo m'kakachisi ka m'nyumba. Pamwamba pake amaikapo tsamba la tulsi, kamtengo konunkhira kachibale ka mpungabwi wathu uja timathamangitsira udzudzu. Amayatsa nyali ndi lubani, naliza kabelu, napemphera. Chakudya chimenechi chikamaperekedwa amachitcha naivedya kapena bhog. Pakapita kanthawi amachichotsa, ndipo apa dzina lake lasintha, tsopano ndi prasad, ndiko kunena kuti chisomo. Iwo amati mulungu walandira ndipo wabwezera anthu ake chotsala chili chodalitsika. Amachisakaniza ndi cha mumphika, banja lonse n'kudya, alendo omwe, antchito omwe.

Mwambo umenewu ndi wakalekale. Zaka zoposa 3,000 zapitazo makolo a Ahindu analibe akachisi okhala ndi zifanizo. Ankasonkha moto pabwalo, nathiramo ghee, mkaka ndi mbewu, nthawi zina ankapha ndi ziweto. Moto womwewo ankauyesa mulungu, dzina lake Agni, ndiye mthenga wonyamula nsembe kupita nayo kwa milungu ina, monga momwe nyakwawa itengera mawu kwa mfumu. Nyimbo za nsembezi zili m'mabuku awo akale otchedwa Veda. M'kupita kwa zaka anayamba kumanga akachisi, namsamala mulungu monga mlendo wolemekezeka, kumdzutsa m'mawa, kumsambitsa, kumveka ndi kumpatsa chakudya pa nthawi yake. Ambiri analeka kukhetsa mwazi, ngakhale kuti kulipo kwina kumene amaphabe mbuzi, monga ku kachisi wa Kali ku Kalighat mumzinda wa Kolkata.

Ku Puri, m'mbali mwa nyanja yamchere kum'mawa kwa India, kuli kachisi wa Jagannath womangidwa m'zaka za m'ma 1100. Kumeneko amaphika tsiku ndi tsiku pa nkhuni, m'miphika yadothi yosanjikiza, ndipo mphika ukaphikidwamo kamodzi saubwerezanso. Chimene chimandichititsa chidwi ndi ichi. Ku India anthu anagawikana m'magulu a chibadwidwe, ndipo kale wa gulu lapamwamba sakanadya mbale imodzi ndi wa gulu lapansi. Koma chakudya cha ku Puri amati chimafafaniza malire amenewo, aliyense angadye ndi mnzake. Asikhi aja nawonso, ngakhale chipembedzo chawo n'china, ali ndi chakudya chotsekemera cha ufa wa tirigu, shuga ndi ghee chimene amagawira aliyense wolowa m'nyumba yawo yopemphereramo.

Inu alimi mumvetsetse za chikondwerero china chimene Agujarati amachikonda. Mudziwa Diwali, masiku aja mu Okutobala kapena Novembala pamene Ahindu amayatsa nyali zambiri, ife tili kalikiliki kusosa ndi kuunda mizere podikira mvula. Itangopita Diwali amachita Annakut, ndiko kuti phiri la chakudya. Nthano yawo imati abusa a ng'ombe a kwawo kwa Krishna ankapereka nsembe kwa Indra, mwini mvula. Krishna anawauza kuti aleke, apereke kwa phiri la Govardhan limene linkadyetsa ng'ombe zawo msipu. Indra anapsa mtima natsanula chimvula masiku asanu ndi awiri, koma Krishna ananyamula phirilo ndi chala, anthu ndi ziweto nausa pansi pake. Amati masiku onsewo sanadye, pomwe anazolowera kudya kasanu ndi katatu pa tsiku. Mukawerengera mupeza 56, ndipo ndiyo mitundu ya zakudya imene amayesetsa kuyala pa tsikulo. Kummwera kwa India, kwa Atamil, kuli mwambo wina mu Januwale wotchedwa Pongal, pamene mpunga watsopano amauphika ndi mkaka mumphika watsopano naupereka kwa dzuwa asanaudye. Alimi a mpunga a ku Lifuwu aone kuti mbewu yawo yomweyi kwina ndi ya nsembe.

Tsono, mafumu, kodi zonsezi n'zachilendo kwenikweni? Ine ndikuti ayi. Mvula ikachedwa makolo athu ankapita ku kachisi kapena patsinde pa mtengo ndi ufa ndi mowa kukathira nsembe, ndipo ya dziko lonse inkapita ku Msinja kwa Makewana. Ayao a kuno kunyanja ankathira mbopesi, ufa uja, patsinde pa msolo. Pa mowa wa bona pang'ono pokha ndi pamene pamathiridwa pansi, wotsalawo amamwa amoyo. Angoni a Mpezeni ku Chipata anadzutsanso Nc'wala m'chaka cha 1980, ndipo kumeneko mfumu ndiyo iyamba kulawa zakumunda anthu asanayambe kudya. Ngakhale ku chilumba cha Mbenji kwa Mfumu Makanjira, kumene usodzi umatsekedwa nthawi ya dzinja, ndipo mowa saloledwa, malamulowo akhala olimba kuyambira m'zaka za m'ma 1950 chifukwa anthu amaopa mizimu ya pamalopo pamodzi ndi mfumu.

Kusiyana kulipo ndithu, ndisakunamizeni. Ife tinkapereka kwa mizimu ya makolo kuti itinenere kwa Chauta, ndipo kawirikawiri tinkatero pakagwa chilala, mliri kapena maloto oipa. Mhindu wopembedza amapereka tsiku lililonse, kaya kuli vuto kaya kulibe, ndipo amapereka patsogolo pa chifanizo, chinthu chimene m'kachisi wathu munalibe. Ndiponso ife nsembe yeniyeniyo tinkaisiya pomwepo kuti nyerere ndi mbalame zithane nayo, pomwe iye amaitenganso n'kuidya, ndipo kudyako ndiko mtima wa mwambo wonse.

Apa ndi pamene pali nkhani imene ingafike pabwalo panu. Ana anu ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Limbe, ena akugwira ntchito m'masitolo ndi m'nyumba za Ahindu, ndipo tsiku lina adzapatsidwa kanthu kotsekemera n'kuuzidwa kuti ndi prasad. Mkhristu adzafunsa ngati n'kololeka, Msilamu chimodzimodzi. Funsoli si la lero. Paulo analilemba m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, mutu 8 ndi mutu 10, ndipo mpaka lero mipingo simvana chimodzi. Za kudya kapena kusadya aliyense afunse abusa kapena ashehe ake ndi mtima wake, wailesi singamulamule. Chimene ndikupemphani n'chakuti muwalangize anawo za ulemu wake. Wofuna kulandira alandire ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza pansi, monga tilandirira kanthu kwa mkulu, ndipo asagwetse nyenyeswa pansi pamene anthu aponda. Wosafuna akane mofatsa chisanafike m'manja mwake, anene kuti chipembedzo chake sichimlola. Mhindu amene iye mwini sadya ng'ombe adzamva msanga mawu otere. Choipa ndi kulandira mwamanyazi kenaka n'kukataya kudzala kapena kuponyera agalu mwini wake akuona. Mwa inu mafumu ndani angasekerere mlendo atakankha ndi phazi chipanda cha mowa wa bona?

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzabwerera ku nkhani ya kusamala chimanga m'nkhokwe.